Mafuta a nkhope a gulu lathu ku Rosettenville, pomwe tafika

Ogasiti, sabata yoyamba

Ndayamba kulemba pano chifukwa pa WhatsApp zinthu zikumasowa, wina akafunsa kuti kodi paja tinathira magalamu angati timayamba kusakasaka mpaka foni kutentha. Ndiye zonse ndiziika pamodzi, zoyenda ndi zokanika zomwe, kuti nawonso achemwali a ku Mangochi amene amatitumizira katundu pa basi aziona kuti malambe awo akupita kuti.

Tilipo azimayi 6 a chipereganyu chimodzi, ambiri timakhala Rosettenville ndi Turffontein kuno ku Joni (Johannesburg). Nkhani inayambira pa alamu anga. Iwowa amagwira ntchito ya m'magaden cha ku Northcliff, 7 m'mawa mpaka 4 madzulo ali padzuwa, chaka cha 9 tsopano. Munthu wa zaka 38 koma pamphumi ndi m'masaya mwada bii, kumbuyo kwa khosi kwachita mizeremizere yakuya ngati dambo louma mu Okotobala, koma tsiku lina akusintha malaya ndinaona paphewa khungu losalala ngati la mnyamata. Munthu mmodzi yemweyo. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa si ukalamba umenewo, ukalamba sukanasiya phewa nkudya khosi lokha. Ndi dzuwa.

Ife timakonda kunena kuti munthu wakuda dzuwa silimuopsa. Mbali ina nzoona, melanin amene amatidetsayu amatchinga ndithu, nchifukwa chake makwinya amachedwa kutipeza kusiyana ndi azungu, koma kwa ife dzuwa limayamba ndi mawanga, nkhope kuchita mbali ina yakuda mbali ina yoyera, kenako khungu kukhakhala. Komanso Joni ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750, pamene Lilongwe ndi Blantyre zili cha m'ma 1,000 ndipo ku nyanja kwathu sikufika ngakhale 500. Ukamakwera, kuwala kwa dzuwa koononga khungu kotchedwa UV kumaonjezekera, pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse. Kamphepo kozizira ka kunoka kamatinamiza, umamva ngati dzuwa ndi lofooka pomwe likukudya.

Cholinga chathu ndi kupanga mafuta odzola kunkhope ochokera ku zomera zomwe timazidziwa, otchipa, oti munthu wa pa piece job akwanitse.

Ogasiti, sabata yachitatu

Masiku awa ndakhala ndikuwerenga usiku ana akagona, ndipo ndilembe mmene ndamvera ine, mwachichewa chathu.

Kuwala kwa dzuwa koononga khungu kuli pawiri. UVB amaotcha pamwamba. UVA ndi amene amalowa mkati, amadutsa mitambo, amadutsanso galasi la windo, ndiye ngakhale woyendetsa taxi amamupeza mbali ya kudzanja lamanja. Mkati mwa khungumo muli collagen, tinene kuti ndi nsichi ndi phaso za nyumba, ndi zomwe zimagwira khungu kuti likhale lokungika. UVA akalowa amadzutsa tinthu tolusa totchedwa free radicals, ndipo timeneti timapangitsa thupi kutulutsa ma enzyme a MMP omwe amadula collagen uja. Ndi chiswe chenicheni, kunja nyumba ikuoneka bwinobwino koma mkati nsichi zikutha, tsiku lina denga langoti fwaa. Makwinya amabwera choncho.

Ndiye zomera zikulowa pati? Nazonso zimakhala padzuwa tsiku lonse osathawa, ndipo zimapanga mankhwala awoawo odzitetezera, ma antioxidant, amene amazimitsa tinthu tolusa tija tisanaononge zambiri. Tiyi wobiriwira ali ndi EGCG. Rooibos, amene amamera ku mapiri a Cederberg ku Western Cape, ali ndi aspalathin, ndipo rooibos wobiriwira wosavunditsa ndi amene ali naye wambiri kuposa wofiira timamwa tsiku ndi tsikuyu. Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wochuluka. Mafuta a mfula, kuno amati marula, amafewetsa khungu ndipo sachedwa kulowa. Cham'mwamba aliyense akumudziwa. Alovera amaziziritsa pomwe papsa.

Zomwe tili nazo panopa: rooibos wobiriwira, tiyi wobiriwira wa ku Thyolo amene anabwera ndi mlamu wa mnzathu, malambe thumba limodzi, masamba ouma a cham'mwamba, mafuta a mfula kabotolo kamodzi, gilisalini, ndi sikelo ya digito yoyeza mpaka 0.1 g yomwe tinasonkherana.

Sepitembala, sabata yoyamba

Batch yoyamba yaonongeka yonse.

Tinaphika tiyi wa rooibos wokhathamira, tinasakaniza ndi alovera wongodula pabwalo ndi mafuta, tinamenya ndi chomenyera mazira, zinaoneka bwino zedi tsiku limenelo, mtundu ngati wa chiponde chopepuka. Tsiku lachiwiri madzi pansi mafuta pamwamba. Tsiku lachisanu nditatsegula botolo lomwe linali pawindo la kukhitchini ndinapeza chuku, timadontho tobiriwira m'mbali mwa chivundikiro ndi kafungo ka thobwa logona. La mufiriji linapirira mpaka masiku 9, nalonso linatsatira, magetsi anazimanso kawiri sabata imeneyo.

Zandiphunzitsa zinthu ziwiri. Madzi ndi mafuta sizigwirizana popanda emulsifying wax, ndipo chilichonse chokhala ndi madzi ndi zomera ndi chakudya cha tizilombo, chimafuna preservative, mankhwala oletsa tizilombo, basi. Mnzathu wina anati koma tinathira vitamini E uja. Ayi, vitamini E amangoletsa mafuta kuchita fungo loipa akakhalitsa, sapha tizilombo. Ndipo chomwe chikundiopsa si chuku chooneka ndi masochi, ndi mabakiteriya osaoneka amene amayamba kale botolo likuoneka labwino, munthu nkudzola pafupi ndi diso. Mabotolo onse 8 tataya. Palibe amene anadzola kupatula ine pamkono.

Sepitembala, sabata yachitatu

Loweruka tinapita ku msika wa mankhwala azitsamba wa Faraday, mtauni pafupi ndi renki ya ma taxi, ine ndi achemwali a ku Balaka amene amalankhula Chizulu bwino. Kwa amene simunafikeko, ndi makungwa, mizu, mababu, milumilu mpaka kafungo kake kamakutsatira pa zovala. Chomwe chinandikoka ine ndi timibulu ta dothi, lofiira amati ibomvu, loyera amati umcako. Agogo amene amagulitsa anali atadzola lofiiralo nkhope yonse, anatenga kambulu kamodzi, anakanyowetsa ndi madzi a m'botolo nkupaka pa dzanja langa, kakuuma nkuchita gwaa ngati pulasitala. Anati azimayi a kwawo ku KwaZulu-Natal akamapita kumunda amadzola chimenechi. Madokotala a khungu a ku Durban analiyezapo dothi limeneli ndipo SPF yake, nambala yosonyeza mmene chodzola chimatchingira dzuwa, inapezeka yochepa, cha m'ma 4, koma likutchingako ndithu chifukwa limakhala pamwamba pa khungu ngati khoma. Neba wanga wa ku Mozambique akuti kwawo ku Nampula azimayi amapera mtengo wa mussiro pamwala nkudzola nkhope yonse mbee. Ndiye nkhani yoteteza nkhope ku dzuwa si yachizungu ayi, makolo a kuno ku Africa anaiona kalekale.

Tinaonanso zipatso za mvunguti zili lende. Achemwali amafuna tigule poti mafuta ambiri odula amalemba Kigelia pa botolo, ndi mvunguti womwewo, koma ndinakana kaye. Chipatso chachiwisi chili ndi poizoni ndipo ife tilibe njira yoyezera mphamvu yake. Tizisiye.

Pobwerera mu taxi tinakambirana za mandimu, ndipo izi ndikufuna aliyense amve. Anthu ambiri akumafinyira mandimu kunkhope kuti achotse mawanga kenako nkutuluka panja. Chonde musatero. Mandimu, makamaka timandimu tating'ono tobiriwira tija ndi makoko ake, ali ndi mankhwala otchedwa furocoumarin amene akakumana ndi dzuwa amaotcha khungu mpaka matuza, ndipo chipsera chakuda chimakhala miyezi. Chomera si kuti ndi chabwino chifukwa choti ndi chomera. Mu mafuta athu mandimu salowamo.

Chinanso, awiri andifunsa kale ngati mafutawa aziyeretsa. Sayeretsa ndipo sitikufuna ayeretse. Hydroquinone, mankhwala oyeretsa khungu, analetsedwa mu zodzoladzola kuno ku South Africa mu 1990 chifukwa cha mmene anaonongera nkhope za azimayi, kuda kwa buluu m'masaya kosachokanso kuja, koma mpaka lero timachubu take ndi ta ma steroid tikugulitsidwa mobisa m'misewu. Amene amadzola zimenezo khungu limapyapyala ndiye dzuwa la kuno limawapweteka kawiri. Ndili ndi mnzanga wapamtima amene akuvutika nazo, sindinena zambiri.

Okotobala, sabata yachiwiri

Iyi ndiye sabata yomwe tinatsala pang'ono kuyambana, ndiye ndilemba motalikirapo.

Batch yachitatu inagwira bwino. Ya 100 g tinachita chonchi: madzi a tiyi 70 g, theka rooibos wobiriwira theka wa ku Thyolo, ophikidwa ndi madzi a distilled nkusefa kawiri pa pepala losefera khofi, gilisalini 5 g, mafuta a mfula 12 g, mafuta a nthanga za malambe 5 g, emulsifying wax 6 g, vitamini E 1 g, preservative 1 g. Zamadzi mu jagi yake, zamafuta mu jagi yake, zonse kuzitenthetsa m'poto wa madzi mpaka madigiri 70, kenako kuthira pamodzi nkumenya ndi stick blender, ndipo vitamini E ndi preservative zimalowa zikazizira kufika pansi pa 40. Tinayeza ndi timapepala ta pH, toyezera asidi, zinali pa 5, pafupi ndi mmene khungu limakhalira. Ziwiya zonse tinapukuta ndi spiriti, tsitsi m'mipango, magolovesi m'manja.

Ndiye pokambirana za lebulo mayi wamkulu wa gulu lathu, amene ndimawalemekeza kwambiri ndipo ndi amene anayambitsa chipereganyuchi, anati tilembepo SPF 30. Anati anaona pa Facebook kuti mafuta a nthanga za karoti ndi a raspberry ali ndi SPF ya m'ma 30 mpaka 40, ndiye athuwa angalephere bwanji, komanso popanda nambala imeneyo anthu sagula. Ine ndinati mayi, ndikupempha tiyese kaye tione ndi maso athu.

Ndinali nditaitanitsa timakadi tosintha mtundu tikaona UV, toyera m'nyumba koma padzuwa timasanduka papo (purple). Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, cha m'ma 12 koloko, jacaranda ali mbuu msewu wonse, tinayala tebulo kuseri kwa nyumba. Kadi lililonse tinalikuta ndi pulasitiki wopyapyala wokutira chakudya uja. Loyamba osapaka kanthu. Lachiwiri mafuta athu. Lachitatu mafuta a mfula okhaokha. Lachinayi ibomvu wa agogo aja. Lachisanu sunscreen, mafuta otchinga dzuwa, ya SPF 50 yogula ku Clicks yokhala ndi chidindo cha CANSA, bungwe lolimbana ndi khansa kuno. Tinavundikira zonse ndi thireyi, kutulutsa panja, kuvundukula, mwana wanga akuwerenga masekondi pa foni.

Losapaka linasanduka papo nthawi yomweyo. La mfula chimodzimodzi, ngati sitinapake kanthu. Lathu linachedwako pang'ono penipeni, mwina chifukwa choti kirimu ndi woyera ndipo tinapaka mokhuthala, koma pasanathe theka la mineti linali papo ngati anzake. La dothi linachita mawangamawanga, pokhuthala poyera, popyapyala papo. La sunscreen linakhala loyera mpaka tinatopa kuimirira.

Panakhala zii. Mayi aja anatenga kadi lathu nkuliyang'anitsitsa, kulitembenuza, kenako anati ndiye tavutikiranji miyezi yonseyi. Mtima unandiwawa chifukwa ndalama zawo zalowa zambiri kuposa za tonsefe. Ndinawafotokozera mmene ndikumvera ine, kuti ntchito ndi ziwiri zosiyana. Sunscreen ndi denga, imaletsa mvula kulowa. Ma antioxidant a m'zomera ndi munthu wokolopa madzi amene adontha, chifukwa palibe denga losadontha, ngakhale SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya UVB, SPF 50 pafupifupi 98, ndipo zimenezo ndi pamene wapaka mokwanira, zomwe ambirife sitichita poopa kuti itha msanga. Wokolopa ndi wofunika, koma sungachotse denga nkumati ndili ndi chokolopera.

Ndinenenso chilungamo kuti kadi si labu. Kadi likungotiuza kuti kuwala kwadutsa kapena ayi, silingatiuze zomwe tiyi akuchita mkati mwa khungu, ndipo silingapereke nambala. SPF yeniyeni imayezedwa pa khungu la anthu mu labu, amapaka 2 mg pa sikweya sentimita iliyonse, ndipo kuno kuli muyezo wake wa SANS 1557. Labu yotere ilipo ku yunivesite ya Sefako Makgatho ku Ga-Rankuwa. Ndalama zake si za chipereganyu.

Chomwe chinathetsa nkhani ndi achemwali a ku Balaka. Ali ndi mdzukulu wachialubino kumudzi, ndipo anangoti, tiyerekeze botololi lafika kwathu lili ndi SPF 30 pamwamba, mayi ake nkumudzoza mwana uja nkumutumiza kusukulu wapansi, mutu wake ukhala pa ndani? Kwa anthu achialubino khansa ya pakhungu si nkhani yongomva, ikutenga anthu akadali achinyamata. Mayi wamkulu anagwedeza mutu nkuti basi, nambala isalembedwe. Sindinawaonepo akusintha maganizo mwachangu chonchija ndipo ndawalemekezanso kwambiri.

Okotobala, sabata yachinayi

Kuyesa pakhungu. Aliyense anapaka mkati mwa mkono nkudikira maola 48 asanafike kunkhope. Anthu 11 pamodzi ndi amuna athu ndi alamu.

Ya rooibos ndi tiyi palibe amene wadandaula. Ina tinathiramo madzi a ufa wa malambe pofuna vitamini C uja, inatsitsa pH kwambiri, awiri anati ikunyereza ndipo mmodzi panafiira, komanso inachita mtundu wa bulauni pasanathe sabata, kusonyeza kuti vitamini C watha kale ndi mpweya. Ndiye ufa wa malambe tausiya, tizingomwa ngati juwisi, mafuta a nthanga zake okha ndi amene atsale. Ya cham'mwamba inatuluka yobiriwira ndi fungo la ndiwo zamasamba, amuna anga anati sangakwere nayo taxi. Yachoka.

Tagula mabotolo akuda a pampu m'malo mwa otsegula pakamwa, kuti zala zisamalowemo komanso kuwala kusaononge tiyi.

Novembala, sabata yachitatu

Mvula yayamba, ija ya masana ndi ziphaliwali, koma m'mawa dzuwa likuswa mtengo ndipo pa foni UV index, muyezo wa mphamvu ya UV, ikumafika 11 kapena kupitirira pafupifupi tsiku lililonse. Alamu ndinawauza kuti aziyang'ana mthunzi wawo, ukafupika kuposa msinkhu wawo ndiye nthawi yoopsa, makamaka 10 mpaka 3, ngati nkotheka ntchito za pansi pa mitengo azisungira nthawi imeneyo.

Atha masabata 4 akutsata ndondomeko yonse. M'mawa mafuta athu, pamwamba sunscreen mizere iwiri ya pa zala ya nkhope ndi khosi, chipewa cha khonde lalikulu m'malo mwa kapusi yomwe imasiya makutu ndi khosi pamtunda, masana kupakanso sunscreen akapukuta thukuta, usiku kusamba nkudzola athu okha. Ndimawajambula Lamlungu lililonse pa windo lomwelo nthawi yomweyo. Kukhakhala kwachepa, kutuwa kuja kwatha, iwo akuti nkhope sikuthinanso madzulo. Mawanga akadalipo, mizere ya pakhosi ikadalipo, ndipo sindikuyembekeza kuti ichoka ndi mafuta a m'khitchini. Sindinganenenso kuti kusinthaku ndi kwa rooibos, chifukwa tasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, mwina chipewa ndi chimene chagwira ntchito yaikulu. Poyamba ankachita manyazi kuti anzawo aziwaseka kuti mwamuna akudzola za akazi, pano anzawo awiri a ku Mzimba apempha mabotolo.

Vuto lomwe latsala ndi mtengo wa sunscreen, ndi yodula kwa munthu wolandira pa tsiku, komanso zina zimasiya nkhope yotuwa ngati wagwa mu ufa. Tikusaka yomwe imalowa bwino pa khungu lakuda, makamaka zokhala ndi kamtundu, chifukwa iron oxide amene amaikamo amathandizanso kutchinga kuwala kooneka ndi maso komwe nakonso kumadetsa mawanga pa khungu ngati lathu. Tagwirizana kuti mwezi wa mawa gawo lina la chipereganyu tigulire mabotolo akuluakulu nkugawana.

Disembala, sabata yoyamba

Botolo loyesera la batch yachitatu latha masabata 7 pa shelefu, lina pawindo, lina mufiriji. Palibe chuku, silinalekane, la pawindo lokha ladako mtundu. Komabe maso sangaone zonse ndiye tisanagulitse kwa munthu wakunja tikufuna titumize sampulo ku labu akayeze tizilombo, ndafunsa malo awiri ndikudikira mitengo. Pakadali pano tikupanga tochepa, 50 g, toti tithe mwezi umodzi, ndipo ndi ta ife tokha ndi abale.

Pali nkhani inanso yomwe sindimaidziwa. Kuno zomera zachilengedwe za dziko lino monga rooibos, mfula ndi Aloe ferox zili ndi malamulo ake ukafuna kuchita nazo bizinesi, pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2004, ndipo mu 2019 makampani a rooibos anasainirana ndi anthu a mtundu wa Khoi ndi San kuti anthuwo azilandira 1.5 peresenti ya mtengo wa pa famu chifukwa nzeru ya chomerachi inachokera kwa makolo awo. Zinandisangalatsa, ndipo ndinaganiza za malambe athu amene amachoka ku Mangochi ndi ku Salima pa mtengo wozizira nkukapezeka m'timabotolo todula kunja. Mwana wa mayi wamkulu amene ali ku koleji walonjeza kutifunsira ngati ife ogula kwa ogulitsa ovomerezeka tikufunikanso pepala lililonse.

Lebulo talemba chonchi, Chichewa pamwamba Chingerezi pansi: Mafuta ofewetsa nkhope a rooibos, tiyi, mfula ndi malambe. Si sunscreen. Sayeretsa khungu. Masana pakani sunscreen pamwamba ndipo valani chipewa. Kenako zonse zomwe zilimo ndi tsiku lopangira.

Ambiri akupita kumudzi pa Khirisimasi ndiye batch yachisanu tipanga Loweruka likubwerali, 2 koloko kwathu. Achemwali a ku Balaka abweretse spiriti ndi magolovesi, wax watsala wokwana mabatch awiri okha. Achemwali a ku Mangochi, ulendo uno musatumize ufa, tumizani nthanga zokha, zouma bwino.